Makina okoka fumbi opanda nthambo: mukugula ndodo kapena batire?

M'mwezi wa Malichi 2018, James Dyson, mwini kampani ya ku Britain yotchedwa ndi dzina lake lomwelo, analengeza kuti akatswiri ake asiya kukonza mitundu yatsopano ya makina okoka fumbi okhala ndi nthambo yamagetsi. Pa nthawiyo ankaonetsa makina atsopano otchedwa V10: ndodo yayitali, kumutu kwake kuli kainjini kozungulira maulendo 125,000 pa mphindi imodzi, pansi pa chogwirira pali batire. Iye ankakhulupirira kuti ndodoyo yafika pogwira ntchito mofanana ndi zimakina zakale zija, zomwe munthu amachita kuzikwekwereza kumbuyo ngati mbuzi yokana kulowa m'khola. Makampani ena sanagone. Lero mukalowa m'sitolo yogulitsa zipangizo zamagetsi ku Manchester kapena ku Johannesburg, mupeza ndodo zoterezi zitandandalika pakhoma: za Samsung, LG, Shark, Bosch, Miele, Xiaomi ndi zina zambirimbiri zamaina osadziwika. Ku Britain mitengo yake imayambira pa mapaundi osakwana 100 mpaka kupitirira 600.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya anthu olemera okhaokha, koma ikukhudza anthu athu ambiri. Anamwino ndi osamalira okalamba omwe anapita ku Leicester, Nottingham kapena Glasgow amachita lendi nyumba zoyalidwa kapeti kuyambira pakhomo mpaka kuchipinda, ndipo tsache siligwira ntchito pa kapeti. Kumeneko ukhondo wa nyumba ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimakanganitsa kwambiri mwini nyumba ndi wa lendi ikafika nthawi yobweza dipoziti. Palinso abale athu a ku Joni omwe Disembala akayandikira amayamba kulingalira zoti agulire mayi kumudzi, komanso mabanja a ku Lilongwe ndi ku Blantyre omwe angomaliza kuyala matailosi ndipo aona makinawa pa Facebook. Kwa onsewa mawu anga ndi amodzi: chomwe mukulipira ndalama zambiri si ndodoyo, ndi batire, ndipo batire limakalamba.

Fumbi linayamba kale kuvutitsa akatswiri. Mu 1901 injiniya wa ku London, Hubert Cecil Booth, anapanga makina okoka fumbi aakulu kwambiri moti ankawanyamula pangolo yokokedwa ndi akavalo. Ngoloyo inkaima pamsewu, mapaipi n'kulowetsedwa m'nyumba kudzera m'mawindo. Patapita zaka zochepa, ku Canton m'chigawo cha Ohio ku America, munthu wina wosesa m'sitolo dzina lake James Murray Spangler, yemwe ankadwala mphumu, anatopa ndi fumbi lomwe linkamutsokomoletsa. Analumikiza kainjini kamagetsi, mtengo wa tsache ndi chikwama cha pilo, n'kupanga makina oti munthu mmodzi atha kuwakankha. Mu 1908 anagulitsa luso lakelo kwa William Hoover, yemwe pa nthawiyo ankapanga zinthu zachikopa. Makina opanda nthambo anatchuka mu 1979 pamene kampani ya Black & Decker inatulutsa Dustbuster, kachipangizo kam'manja kongotolera nyenyeswa patebulo ndi m'galimoto. Batire lake linkatha pakangopita mphindi zochepa. Chomwe chinadzasintha zinthu ndi mabatire a lithium, omwewa ali m'mafoni ndi m'malaputopu, pamodzi ndi tiinjini tating'ono tothamanga kwambiri.

Ubwino wa ndodozi ulipo ndithu, ndipo wamkulu si mphamvu yake ayi. Ndi woti zimathetsa ulesi. Makina anthambo amafuna kuti muwatulutse m'kabati, mumasule nthambo, mupeze soketi, mukafika chipinda china muzule ndi kukalumikiza pena, pomaliza mukulungenso nthamboyo. Ntchito yonseyi imapangitsa munthu kunena kuti ndiyeretsa Loweruka, ndipo fumbi limakhala likuunjikana sabata yonse. Ndodo imapachikidwa pakhoma. Mwana akataya shuga kapena nyenyeswa za buledi, mumangoitenga, n'kukoka, n'kuibwezera pamalo pake madzi a tiyi asanawire. Nyumba yoyeretsedwa pang'onopang'ono tsiku lililonse imakhala yaukhondo kuposa yoyeretsedwa mwamphamvu kamodzi pa sabata, ngakhale makina a Loweruka aja atakhala amphamvu kuwirikiza.

Ubwino wina ndi kupepuka. Dyson V8 imalemera pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka. M'nyumba zambiri za ku Britain zipinda zogona zili pamwamba, masitepe ake ndi opanikiza komanso oyalidwa kapeti, ndipo kukwera nawo makina olemera kwinaku nthambo ikukukolani m'miyendo ndi njira yachidule yothyokera mwendo. Mukachotsa paipi yayitali ija, ndodo imasanduka kachipangizo kam'manja koyeretsera sofa, matiresi, makatani, akangaude a kudenga ndi mipando ya galimoto. Komabe kupepukako kuli ndi msampha wake. Injini ndi batire zonse zili m'dzanja lanu, osati pansi pa mateyala, choncho mkono umatopa msanga. Mitundu ina, kuphatikizapo V8 ndi V15 ya Dyson, imafuna kuti chala chikhale chikukanikiza batani nthawi yonse yomwe makina akulira. Agogo omwe zala zimawapweteka sangakondwe nazo zimenezo, ndiye ngati mukugulira iwo, sankhani yokhala ndi batani longodina kamodzi.

Tibwere ku batire. Pa katoni ya V8 palembedwa kuti imagwira ntchito mpaka mphindi 40, ndipo pa V15 Detect, yomwe inatuluka mu 2021, palembedwa mphindi 60. Mawu akuti "mpaka" ndi omwe ogula ambiri sawaona. Mphindi zimenezo amaziwerengera makina akamalira pa mphamvu yotsika kwambiri, batire lili latsopano. Mukaika V8 yomweyo pa mphamvu yake yonse, yomwe ndiyo imafunika pa kapeti yokhuthala kapena pa mchenga wolowerera pansi pa mipando ya galimoto, imatha pa mphindi 7 zokha. Kenako mudikira maola asanu kuti idzadzenso. Izi si chinsinsi, kampaniyo imalemba yokha, koma m'zilembo zing'onozing'ono. Pa kanyumba ka chipinda chimodzi kapena ziwiri, mphindi 20 kapena 30 zikukwanirani. Pa nyumba ya zipinda zinayi yokhala ndi ana ndi galu, mudzasiyira ntchito pakati, alendo ali panjira.

Vuto lalikulu limabwera patapita zaka. Batire la lithium limatha mphamvu pang'onopang'ono nthawi iliyonse likatchajidwa, ndipo likatchajidwa maulendo mazana angapo limayamba kuonekeratu kuti latopa. Aliyense amene anakhalapo ndi foni kwa zaka zitatu akudziwa momwe zimakhalira. Kusiyana kwake n'kwakuti makina okoka fumbi amakoka mphamvu yochuluka pa kanthawi kochepa, batire n'kutentha, ndipo kutentha ndi kumene kumalikalambitsa msanga. Kugwiritsa ntchito mphamvu yonse tsiku ndi tsiku, kutchaja batire lisanazizire, kusiya makina m'galimoto padzuwa kapena m'chipinda chamalata chopanda siling'i, zonsezi zimadula moyo wake. Munthu wokhala ku Chikwawa kapena ku Nsanje, komwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, asayembekezere kuti batire lake likhala zaka zofanana ndi la mnzake wa ku Edinburgh.

Makampani eni ake amazidziwa izi, ndipo galanti yawo imawaulula. Ku Britain, Dyson imapereka zaka zisanu pa makina ake anthambo koma zaka ziwiri zokha pa opanda nthambo. Ndimaona kuti nambala ziwiri zimenezi zimanena zoona kuposa zonse zolembedwa pa katoni.

Choncho musanafunse za mtundu kapena kuwala kwa tinyali take, funsani zinthu zitatu: batire limachoka bwanji, lina limagulitsidwa kuti, ndipo ndi ndalama zingati. Safunsa anadya phula. Pa V8 ndi V10 batire limamangidwa ndi tizisikuluu titatu, munthu atha kulisintha yekha. Pa Samsung Jet, LG CordZero ndi mitundu yatsopano ya Dyson, limangosololoka mukadina batani, moti mutha kukhala ndi awiri, lina likugwira ntchito lina likutchaja. Makita ndi Bosch anachita mwanzeru ina: ndodo zawo zina zimagwiritsa ntchito mabatire a 18V omwewo a madirilo ndi zida zina za kampaniyo, ndiye kalipentala amene ali nawo kale amangogula ndodo yopanda batire. Zoopsa ndi ndodo zotchipa zamaina osadziwika, zomwe batire lake linatsekeredwa mkati ndipo palibe sitolo yogulitsa lina. Batire likafa, makina onse afa, ngakhale injini ili bwinobwino. Mayiko a European Union anaona vutoli, ndipo lamulo lawo la mabatire la 2023 likufuna kuti kuyambira mu Febuluwale 2027 zipangizo zambiri zikhale ndi mabatire oti wogula atha kuchotsa ndi kusintha yekha.

Pali ndi nkhani ya moto. Sizichitika kawirikawiri, koma batire la lithium lophwanyika, lonyowa kapena lachinyengo limatha kuyaka, ndipo moto wake ndi wovuta kuzimitsa. Mu 2024 kampani ya Bissell inaitanitsa makina ake opanda nthambo oposa 140,000 ku America chifukwa mabatire ake ankatentha mopitirira muyeso. Ngati izi zinachitikira kampani yodziwika, nanga batire lotchipa losalembedwa dzina lomwe mwaligula pa intaneti? Gwiritsani ntchito tchaja yomwe inabwera ndi makinawo, musawatchaje pakhomo lotulukira kapena pa matiresi, ndipo batire lotupa lichotseni m'nyumba. Lakufa musaliponye m'bini ya zinyalala. Kwathu kuno, komwe zinyalala timakonda kuzitentha kudzala, musaliponye pamoto chifukwa limaphulika.

Chinthu china chomwe anthu amadzazindikira atafika kale kunyumba ndi kuchepa kwa mimba ya makinawa. Kabini ka V8 kamalowa fumbi lopitirira pang'ono theka la lita. Yerekezani ndi Henry, makina ofiira aja okhala ndi nkhope yomwetulira, omwe kampani ya Numatic ya ku Chard m'chigawo cha Somerset yakhala ikupanga kuyambira mu 1981. Henry wamng'ono amalowa malita 6, wamkulu malita 9, nthambo yake ndi yotalika mamita 10, ndipo mtengo wake sufika mapaundi 200. Aliyense amene anagwirapo ganyu yoyeretsa m'maofesi, m'masukulu kapena m'nyumba zosungira okalamba ku Britain amamudziwa Henry, ndipo pali chifukwa chomwe makampani oyeretsa sanamusiye. Amagwa pa masitepe n'kudzuka, amalira tsiku lonse osapuma, ndipo zida zake zimapezeka paliponse. Ndodo ija mudzaikhuthula kawiri kapena katatu musanamalize nyumba.

Kukhuthulako kulinso ndi mavuto ake, makamaka kwa odwala mphumu ndi chimfine chobwera ndi fumbi. Ndodo zambiri zabwino zili ndi fyuluta ya HEPA, yomwe imagwira tinthu 99.97 pa 100 aliwonse tating'ono mpaka mamaikiloni 0.3. Apa zimaposa tsache kutalitali, chifukwa tsache limangouluza fumbi losalala m'mwamba, n'kudzateranso pa makatani ndi pa bedi. Koma ndodo zambiri zilibe thumba lotaya, ndiye mukatsegula kabini kaja fumbi lonse munatolera lija limakufukirani kumaso. Khuthulirani panja, kapena mkati mwa jumbo. Fyuluta nayo imafuna kutsukidwa ndi madzi ozizira pafupifupi kamodzi pa mwezi ndi kuumitsidwa maola osachepera 24 musanaibwezere. Makina ambiri omwe eni ake amati afa amakhala kuti fyuluta yatsekeka, kapena tsitsi ndi ulusi wa mesh zakulungana pa burashi yozungulira ija. M'nyumba momwe muli amayi ndi atsikana omanga tsitsi, sungani sizasi pafupi.

Nanga ku Malawi kwenikweni? Apa ndilankhula mosabisa. Nyumba zathu zambiri pansi pake ndi simenti yopaka polishi kapena matailosi, ndipo dothi lomwe limalowa ndi fumbi lofiira la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja. Pansi potere tsache ndi chokolopera zimamaliza ntchito yonse, ndipo ngakhale mutakoka fumbi ndi makina a mapaundi 600, mudzakolopabe. Ndodo wamba sizimwa madzi. Mukakoka nazo madzi injini imapsa. Phulusa la pa mbaula, ufa wotayika kukhitchini ndi fumbi la simenti la m'nyumba yongomangidwa kumene zimatseka fyuluta nthawi yomweyo, ndipo phulusa lotentha litha kuyatsa moto mkati mwa kabini. Makinawa anapangidwira makapeti, nyenyeswa ndi ubweya wa agalu ogona m'nyumba. Mayi amene wakhala akusesa pabwalo ndi m'nyumba m'mamawa uliwonse adzayamikira mphatso yochokera ku Joni, adzaionetsa kwa anzake a kumpingo, kenako idzakhala pakona yovindikiridwa ndi chitenje.

Sikuti kwathu ilibiretu ntchito. Amene ali ndi kapeti pabalaza, masofa ansalu, mwana wodwala mphumu kapena malo ogona alendo angapindule nayo. Oyendetsa mataxi ndi eni galimoto omwe amaimika kutali ndi soketi angaikonde kwambiri. Ndipo pa nkhani ya magetsi ndodo ili ndi mfundo. Batire la V8 limasunga mphamvu ya pafupifupi 65 Wh, kutanthauza kuti yunitsi imodzi ya ESCOM ingalidzaze maulendo oposa khumi, pamene makina anthambo a mawati 900 akalira theka la ola amadya pafupifupi theka la yunitsi. Amene ali ndi sola ndi inveta yaing'ono atha kutchaja ndodo mosavuta, koma makina anthambo angagwetse inveta yotereyo. Tonse tikukumbukira mdima womwe unatsatira namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022. Pa nthawi ngati imeneyo chipangizo chosunga mphamvu yake chimathandiza, bola magetsi akhale atayaka maola okwanira kuchidzaza. Kuthimathima kuli ndi choipa chinanso: magetsi akamabwera mwamphamvu amawotcha matchaja, ndipo tchaja ya makinawa si yofanana ndi ya foni yoti mungaipeze pa benchi iliyonse mu Limbe.

Apa ndi pamene pali mfundo yovuta kwa wogula wa ku Malawi: zida zosinthira. Batire, fyuluta, burashi ndi tchaja zonse zimachokera kunja ndipo zimagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zinthu zotere inakwera nthawi yomweyo. Amisiri athu amakonza mafiriji, mafani ndi mawailesi, ndipo makina anthambo, omwe mkati mwake muli injini ndi switchi basi, sangawasowetse mtendere. Ndodo zamakono zili ndi tizipangizo ta kompyuta toyang'anira batire, ndipo zina zimakana kuyaka zikaona kuti batire lasegulidwa.

Kwa otumiza kapena kubwera nayo ndodo kumudzi, pali zofunika kudziwa. Yogulidwa ku Britain pulagi yake imalowa m'masoketi a ku Malawi ndi ku Zambia popanda vuto, ndipo mphamvu ya magetsi ndi yofanana, mavoti 230. Ya ku South Africa imafuna adaputa chifukwa mapulagi akumeneko ndi a mano ozungulira. Ya ku America, komwe magetsi ndi a mavoti 120, yang'anani pa tchaja ngati palembedwa 100–240V. Ngati sipanalembedwe, ipsa tsiku loyamba. Pa ndege, batire la lithium lomwe lachotsedwa m'chipangizo sililoledwa m'sutikesi yopita pansi, liyenera kukhala m'chikwama cham'manja, ndipo loposa 100 Wh limafuna chilolezo cha kampani ya ndegeyo. Za kaunjika, zomwe zimabwera m'makontena pamodzi ndi mafiriji ndi masofa, muzichenjera nazo kwambiri. Ndodo yomwe mwini wake wa ku Ulaya anaitaya nthawi zambiri anaitayira batire. Uzani wogulitsa aitchaje, muiyatse pa mphamvu yonse, muone ngati ilira mphindi zingapo osazima.

M'sitolo musatengeke ndi manambala akuluakulu a pa katoni. Mawati amanena za magetsi omwe makina amadya, osati fumbi lomwe amakoka. Mayiko a European Union anaika malire a mawati 1,600 pa makina anthambo mu 2014, n'kuwatsitsa kufika pa 900 mu 2017, ndipo nyumba za ku Ulaya sizinade chifukwa cha zimenezo. Ndodo zotchipa zimakonda kulemba mphamvu yake yokoka m'masauzande a Pa, koma nambala imeneyo imapimidwa kukamwa kwa makina kutatsekedwa, pomwe palibe mpweya ukudutsa. Chomwe chimachotsa fumbi m'kapeti ndi mpweya woyenda pamodzi ndi burashi yozungulira yokhala ndi injini yakeyake. Kanyali kobiriwira ka V15 koonetsa fumbi pansi n'kosangalatsa, koma sikawonjezera mphamvu, kamangokuchititsani manyazi. Nyamulani ndodoyo, ikwezeni m'mwamba kwa mphindi imodzi, muone ngati mkono upirira. Tsegulani kabini, chotsani fyuluta, chotsani batire. Wogulitsa akalephera kukuuzani mtengo wa batire lina, tulukani.

Chigamulo changa ndi ichi. Ngati mukukhala m'nyumba yaing'ono yokhala ndi kapeti ndi masitepe, kudziko komwe batire lina mungaliitanitse n'kufika m'masiku ochepa, gulani ndodo ya mtengo wapakati ya kampani yodziwika, yokhala ndi batire losololoka, ndipo muwerengeretu kuti patapita zaka zingapo mudzagula batire lina. Ngati nyumba ndi yaikulu, kapena mukufuna chinthu chimodzi choti chikhale zaka khumi, gulani makina anthambo okhala ndi thumba. Ngati pansi panu ndi simenti kapena matailosi ndipo mulibe kapeti, galimoto kapena wodwala mphumu, ndalamazo muguliretu zina zomwe pakhomo pakusowa. Tsache ndi chokolopera zikukwanirani.